Anadutsa pamwamba pa denga lathu osapatuka

Lachitatu lapitali, dzuwa litapendeka, ndinali pamwamba pa thanthwe la kuseri kwa mudzi wathu, mwana kumsana, kalilole wa apongozi anga m'manja, ndikuyesa kuthwanimira ndege. Ngati munadutsa pa msewu wa ku Bembeke tsiku limenelo n'kuona amayi awiri akukupiza chitenje chofiira m'mwamba ngati akuingitsa akhwangwala, musade nkhawa, sitinapenge. Timaperekeza munthu.

Ndiyambe bwinobwino.

Mwamuna wanga, bambo a Takondwa, anapita ku Joni ine ndili ndi pakati pa mwanayu. Tako anabadwa, anakwawa, anamera mano, lero akuthamangitsa nkhuku ndi kuyankha akuluakulu, koma bambo ake sanamunyamulepo. Amawadziwira pa foni. Mukamufunsa kuti ababa ali kuti, amaloza m'thumba la siketi yanga. Tsiku lina ndinamupeza akukanikiza kachidutswa ka mbatata pa kabowo kotchajira, ati ababa adye nawo.

Mwaseka? Inenso ndinaseka. Kenako ndinapita kuseri kwa nkhokwe n'kukhalako kanthawi.

Lonjezo linali lakuti chaka chino, nyengo yokumba mbatata ya kachewere, abwera. Ndinamuuza Tako, ndipo Tako anauza dziko lonse: akatekisiti, amayi ogulitsa mandasi, ngakhale mbuzi za aneba. Ndiye sabata ziwiri zapitazo foni inalira. Mawu a bambo ake anali osangalala, koma chisangalalo chake chinali choyenda chonyang'ama, ngati cha munthu amene akudziwa kuti kumapeto kwa nkhani yake kuli minga. Apeza ntchito m'khitchini ya hotela ku Dubai. Tikiti agula ndi mabwana atsopanowo, yochokera ku Joni komweko.

"Ndikati ndiyambe ndafika kumudzi, malo atenga wina, amake Tako. Mukundimva?"

"Ndikukumvani. Palibe vuto."

Mawu amenewa ndawanena kambirimbiri moti amatuluka okha, ngati chifuwa. Ndipo ndingadandaule bwanji? Si ine ndemwe ndinkagwada m'tchalitchi kupempha kuti achoke ku Joni, kumene nkhani zake zimandisowetsa tulo? Walira mvula walira matope.

Pano ndikuululireni kanthu. Ndili ndi setifiketi ya za maulendo ndi zokopa alendo. Ili m'fulemu pamwamba pa kabati, pakati pa chithunzi cha ukwati ndi botolo la mankhwala a chifuwa. Ndinaphunzira kuwerenga matikiti, kulumikiza maulendo, kumwetulira mlendo amene wataya sutikesi. Koma ndege sindinakwerepo. Kuiyandikira kwanga konse ndi tsiku limene anatitengera ku bwalo la ndege tili ku koleji, tinaima kuseri kwa galasi ngati ana oonera buledi m'sitolo.

Choncho mtima ukandivuta, ndimachita zimene ndinaphunzira. Ndinatenga foni n'kulemba maina a mizinda iwiriyo, Johannesburg ndi Dubai. Yankho linabwera msanga: makilomita opitirira 6,000, maola pafupifupi asanu ndi atatu. Ndinayang'ana nambalazo ndipo sizinandiuze kanthu. Maola asanu ndi atatu? Chaka chatha minibasi itatifera pa Linthipe, Tako akutentha thupi pamiyendo panga, ulendo wa ku Lilongwe kokhaku unatidyera tsiku lonse. Ndiye munthu awoloke maiko, nyanja ndi chipululu, kuyambira pa chakudya cha masana kufika pogona?

Koma pansi pa manambalawo panali mapu, ndipo pa mapupo panali mzere. Wowonda, wopindika pang'ono ngati uta, wochoka pa mzinda uwu kukathera pa uwo. Ndinaukuza ndi zala ziwiri. Ndinakuzanso. Mozambiki anatambasuka, nyanja yathu inatulukira kudzanja lamanja, Lilongwe cha kumtunda. Ndinakuzanso kachitatu.

Mzere uja unadutsa pa ife. Pa mapiri athu enieniwa.

Munthu amene sindinamuone chibadwire mwana wake adzadutsa pamwamba pa denga lathu, atakhala pampando, mwina akumwa tiyi.

Sindinathe kusunga zimenezi ndekha. Ndinapita nazo kwa apongozi anga, a Nangozo, amene amagulitsa kachewere ndi kabichi pamsewu ndipo sadziwika ndi mawu ofewa. Ndinawapeza akusankha mbatata zoola. Anapukuta manja pa chitenje, anagwira foniyo patali ndi nkhope, n'kutsinzina diso limodzi.

"Ndiye mukuti adutsa pano?"

"Pamwamba, amayi."

"Nanga ine ndati pansi? Ndiye sangawauze adalaivalawo kuti amutsitse pa Lilongwe, aone mwana, akwere ya mawa?"

"Si minibasi, amayi. Ikanyamuka yanyamuka."

"Iii, chinthu chopanda ulemu." Anandibwezera foni. "Mwana wobereka ine adutse pamwamba pa manda a bambo ake ngati kabawi, ife tili pansi kusankha mbatata? Ayi, NaPhiri. Tikamuperekeza."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

Inu a m'tauni amene mumatsanzika mlendo muli khale pa sofa, maso pa kanema, mundilole ndikukumbutseni. Kuno mlendo sachoka yekha. Wobwera kudzapempha moto mumamufikitsa pa mpanda. Mnzanu wa kumphakati wa ku tchalitchi mumamutula pa mtsinje. Koma m'bale wa pamtima mumamunyamulira chikwama mpaka pa siteji, mumadikira naye galimoto, ndipo simutembenuka mpaka fumbi litakhazikika. Kutalika kwa kuperekeza ndiko muyezo wa chikondi, ndipo anthu amaona. Pothera pake pali mawu ake: "Ndakufikitsani, ndibwerere pano."

Tsono tsiku limene bambo a Tako ananyamuka kupita ku Joni, apongozi anali ku maliro ku Mphunzi. Galimoto inapezeka mwadzidzidzi, ine miyendo inali yotupa, ndinangoima pakhonde. Anapita okha pa siteji, chikwama paphewa. Nkhani imeneyi ndinali nditaiwala. Apongozi ayi.

"Ulendo uja sunaperekezedwe," anatero, akuponya mbatata yoola kutali. "N'chifukwa chake sukutha. Munthu wosaperekezedwa amangopitirira, sadziwa pamene kwawo kwathera ndi pamene kwa eni kwayambira."

Setifiketi yanga inaseka chamumtima. Inafuna kufotokoza za kutalika kwa m'mwamba, za mazenera ang'onoang'ono, za mitambo. Koma Lachitatu litafika, amene anatenga kalilole pakhoma ndine.

Bambo a Tako anatumiza uthenga ali pa bwalo la ndege, akuti akulowa. Ine ndinawerengera kuti akhala pamwamba pathu dzuwa likayamba kupendeka. Apongozi anakazinga mtedza wa kamba, pakuti munthu sayenda ulendo wopanda kamba, n'kuumanga m'kansalu. Ndinawafunsa kuti timupatsira bwanji. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zamwano.

"Zimenezo tikaonera komweko."

Tinakwera njira ya pakati pa minda. Kunja kunali kozizira kwa kwathu kuno, kolowa m'mafupa ngakhale dzuwa lilipo. Panjira tinakumana ndi bambo wina akukankha njinga yodzaza makabichi.

"Tadutsa nawo, amayi!"

"Zikomo! Simupatuka kodi?" anayankha apongozi, ngati kuti tili pakhomo pathu, chonsecho tili m'munda mwa eni.

"Pobwerera, amayi, pobwerera!"

Tonse timawadziwa mawu amenewa. Wodutsa amapepesa, mwini khomo amamuitana kuti apatuke, wodutsa amalonjeza pobwerera. Ndi angati amene amapatukadi pobwererapo? Koma timafunsabe, ndipo amayankhabe, chifukwa mudzi umene anthu amangodutsana osalankhula si mudzi, ndi msewu. Tako ali kumsana anamva zonsezo. Mwana uyu satayitsa mawu.

Pamwamba pa thanthwe pamaoneka dziko lonse limene ndimalidziwa. Mizere ya kachewere ili ngati tsitsi lolukidwa kumene. Nsanja ya tchalitchi. Utsi wopyapyala wochokera m'midzi ya kufupi ndi Chongoni. Apongozi anayala chitenje chofiira pamwala n'kuchitsendereza ndi timiyala, ati kuti adziwe poyang'ana. Tinakhala pansi, nkhope kumwera.

Ndiye nkhungu inayamba kukwera.

Amene munakhalako kuno mukuidziwa. Imachokera m'zigwa mwakachetechete ngati nkhosa zopita kukhola, imameza mitengo, imameza nyumba, kenako imakumeza iwe. Posakhalitsa kumwamba kunali mbuu, kopanda poyambira. Kalilole m'manja mwanga analibe dzuwa loti agwire. Ndinangoonamo nkhope yanga.

Munthu ukadikira mu nkhungu umalota uli maso. Ndinaona ndege ija ikutsika pang'onopang'ono ngati nthenga, ikutera pa bwalo la mpira la pasukulu, mbuzi zikubalalika. Ndinaona chitseko chikutseguka, bambo a Tako akutsika atavala jekete lija anachoka nalo, lothina m'mapewa tsopano. Ndinaona azungu ndi Aluya akusuzumira pa mazenera, akudikira moleza mtima, adalaivala akuti musafulumire bambo, muoneni mwanayo. Ndinamva fungo la sopo wawo. Ndinaona Tako akuthamanga, manja m'mwamba.

Koma maloto anga sakhalitsa asanachite mphutsi, ndi mmene ndinabadwira. Bwanji Tako akadzathamanga n'kubisala kuseri kwa siketi yanga? Bwanji akadzawatchula kuti amalume? Bwanji akadzalira kuti akufuna ababa ake enieni, a m'thumba? Ndipo pampando woyandikana nawo m'ndegemo pakhala ndani, wonunkhira bwanji? Mwana amakula kamodzi. Mano oyamba samera kawiri. Zimene bambo ake aphonya palibe sitolo ya ku Dubai imene idzawagulitse.

"Mwamva?" Apongozi anandigwira pamkono.

Poyamba ndinayesa mphepo. Kenako ndinaumva, mkokomo wapansipansi, wakutali, ngati wina akukoka mtondo pa simenti kumwamba. Tinaimirira. Tinayang'ana kumwera, kumene phokoso limachokera, ndipo kunalibe kanthu koma imvi zokhazokha.

Apa setifiketi inandithandiza kamodzi pa moyo wanga. Ndege ya m'mwamba kwambiri imasiya mawu ake m'mbuyo. Pamene ukuimva, yapita kale.

"Kutsogolo, amayi! Yang'anani kutsogolo kwa phokosolo!"

Tinatembenuka. Cha kumpoto nkhungu inali itang'ambika pang'ono, kabowo ka buluu kosaposa lichero. Ndipo m'kabowomo munali mzere woyera, wowongoka, ukudzilemba wokha, kutsogolo kwake kanthu kakang'ono konyezimira ngati singano.

Sindinawaonepo apongozi anga akuthamanga. Anatsomphola chitenje pamwala, timiyala tili mbwee, n'kuyamba kuchikupiza akuyenda chakumpoto, kutsata mzerewo pamwamba pa thanthwe.

"Venansio! Iwe Venansio! Uyende bwino, mwana wanga! Kwanu ndi kuno, wamva? Ukayende ndi Ambuye!"

Ine ndinali kupendeketsa kalilole uku ndi uku, dzuwa kulibe, misozi ili chuchuchu, ndikudziwa bwino lomwe kuti palibe angaone.

Amene anandilankhulira ndi Tako. Anadzikoka pa nsalu, anatulutsa dzanja, n'kukuwa ndi kamawu kake kakuthwa, mmene anamvera agogo ake panjira paja:

"Ababa! Patukani!"

Apongozi anafika pamene thanthwe lathera. Kutsogolo kunali phompho ndi nsonga za mitengo. Anaima, akupuma mwabefu, chitenje chili lende m'manja. Kabowo ka buluu kanali kakutsekeka. Anaweramitsa mutu pang'ono n'kunena motsitsa, ngati ali pa siteji:

"Ndakufikitsa. Ndibwerere pano."

Mtedza wa kamba uja tinadya tokha potsika. Apongozi anati zilibe kanthu, wadya mwana wake ndiye kuti wadya iye.

Kodi inalidi ndege ya bambo a Tako? Sindikudziwa, ndipo ndikuvomera poyera. Ndege siziyenda ndendende pa mzere wa pa foni, ndipo pamwamba pathu pamadutsa zambiri. Ndikanatha kufufuza. Ndinasankha kusatero, ndipo amene mumagula kabichi kwa apongozi anga, chonde musakawayambitse nkhani imeneyi.

Chimene chandikhala pamtima sabata yonseyi ndi masamu ena. Ndege zoterezi zimauluka m'mwamba pa mtunda wosafika n'komwe wochoka kwathu kupita ku boma. Mtunda woti munthu amapalasa njinga m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanafike pamutu. Umenewo ndiwo kuyandikana kwakukulu kumene Tako ndi bambo ake ayandikanapo chibadwire. Kanthawi kochepa, Lachitatu masana, anali pafupi kuposa msika. Ndipo panalibe njira.

Amatiuza kuti dziko lachepa. Lachepadi, kwa mizinda. Joni ndi Dubai ayandikana ngati nyumba ndi khitchini. Koma pakati pa mizinda iwiri iliyonse pali midzi imene mzere umangoidutsa pamwamba, ndipo midziyo siinasunthe. Yendani m'mapiri muno muone. Malata atsopano akunyezimira, zitseko zachitsulo, masola padenga. Zonsezo ndi thukuta la anthu amene kulibe. Lowani m'nyumbamo mupeza mayi, agogo, ndi mwana amene amapsompsona galasi la foni asanagone.

Sindikunyoza malata. Ndimagona pansi pa malata amenewo ndipo sindidonthedwa. Amuna athu sanapite kukasewera, anathawa chikwama chopanda kanthu ndi feteleza wosagulika. Koma tazolowera chinthu china choopsa, ife otsala ndi iwo opita: kuyesa kuti foni ndi kufika. Timati tikuonana tsiku lililonse. Kuonana kwanji kopanda fungo, kopanda kulemera kwa mwana pamkono? Ndipo ife akazi tili ndi mbali yathu. Timaopa kulemetsa munthu amene ali kale ndi katundu, ndiye timati palibe vuto, palibe vuto, mpaka iye akhulupirira.

Bambo a Tako anaimba mawa lake masana, mawu otopa. Akuti kumeneko kukutentha ngati m'uvuni wa njerwa. Ndinawafunsa ngati anaona chitenje chofiira. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Zenera lake liti? Anandiika pakati penipeni, uku munthu uku munthu. Koma kumsana kwa mpando wa kutsogolo kuli kakanema, kamaonetsa mapu ndi kandege kakuyenda. Anzanga amaonera mafilimu, ine maso pa kandegeko. Ndiye dzina la Lilongwe linatulukira. Ndinavula chipewa, amake Tako. Ndinati, ndadutsa nawo. Mzungu wa pambali panga anandiyang'ana ngati ndadwala."

Ndadutsa nawo. Mawu a munthu wa njinga ya makabichi. Mawu a mlendo pakhomo pa eni.

Palibe vuto uja anafika pamilomo mwachizolowezi. Ndinamumeza.

"Mwana wanu anakuyankhani," ndinatero. "Anati mupatuke."

Ndinamva galimoto za dziko lina zikudutsa kumbuyo kwawo.

"Pobwerera," anatero potsiriza, motsitsa.

"Pobwerera wa panjira ndimamudziwa, bambo a Tako. Ndikufuna pobwerera wokhala ndi mwezi. Ndipo vuto lilipo. Lakhalapo nthawi yonseyi, ine ndimangolibisa."

Chikwatiwire sindinawalankhulepo chotero. Ndinadikira kuti akwiye, kapena netiweki ichite zake zija imachita nkhani ikafika povuta. Koma anapuma mozama n'kunena kuti tchuthi choyamba chimene adzapatsidwe, tikiti idzakhala ya ku Lilongwe, osati ya ku Joni, ndipo adzayesetsa kuti chigwere nyengo yokumba kachewere.

"Musandiuze ine," ndinatero. "Ine ndamva zambiri. Muuzeni mwini wake."

Ndinamupatsa Tako foni. Anaigwira ndi manja awiri, mphuno pagalasi. Bambo ake anabwereza lonjezolo pang'onopang'ono, liwu ndi liwu. Tako anamvetsera mwaulemu, kenako anawafunsa ngati m'ndege muli nkhuku.

Nditawafotokozera apongozi, sanadabwe n'komwe. Anapitiriza kuunjika mbatata m'ndowa.

"Nanga si tamuperekeza? Ulendo tsopano uli ndi kothera. Madzi saiwala khwawa, NaPhiri."

Ndikufuna kuwakhulupirira. Masiku ena ndimawakhulupiriradi. Koma ndikakhala pakhonde nkhungu ikukwera, ndimadzifunsa: madzi amene akwera kumwamba n'kusanduka mtambo, kodi khwawa amalikumbukirabe, kapena amakagwa kumene mphepo yawafikitsa?

Kalilole ndabwezera pakhoma. Chitenje chofiira chachapidwa. Koma Tako sanasiye. Akangomva mkokomo kumwamba amataya chilichonse chili m'manja, amathamangira pabwalo, amayang'ana kolakwika, kumene kuli phokoso, n'kukuwa kuti patukani. Amaitana ndege iliyonse, yopita kumpoto ndi yopita kumwera, yonyamula abambo a eni ndi amayi a eni.

Ndiye inu amene mukuwerenga izi pa foni, pa nthawi yopuma, m'khitchini ya hotela kapena pa geti la mzungu, mu mzinda umene agogo anu sangathe kuutchula: mwina amene amakuitanani Lachitatu lija ndinu. Mwadutsa nawo, tamva. Pobwerera wanuyo ndi wa mwezi uti?